Keziya Asankha Mtedza wa ku Zemba

Anzake onse a chaka chachitatu pa sukulu ya zamalonda ku Kitwe ankalimbirana malo ku migodi ndi ku mabanki a ku Lusaka, koma Keziya Mwale analemba pa fomu dzina limene panalibe wolidziwa: kopaletivi ya alimi a mtedza ya ku Zemba, m'boma la Chadiza. Lamulo la sukulu linali lakuti pa tchuthi chachikulu cha miyezi itatu wophunzira aliyense akakhale pa kampani kapena pa bungwe lina, aone pamene pakuvuta, ndipo pobwerera alembe malangizo a momwe vutolo lingathere. Wopanda kalata yomuvomera yochokera kumaloko, yosainidwa ndi kudindidwa, sankaloledwa kulowa chaka chomaliza.

Mphunzitsi wake anamufunsa kawiri ngati sanalakwitse polemba. Keziya anafotokoza kuti amayi a ku Zingalume ndi ku Mlolo amalima mtedza wabwino kwambiri, koma wambiri sufika ku depoti. Umangofumbwa m'nkhokwe chifukwa mtunda ndi wautali ndipo ngolo n'zochepa. Anati akufuna kukayenda m'midzimo, afunse eni ake, aone ngati kungathandize kutsegula malo olandirirapo mtedza pafupi ndi anthu. Zonsezi zinali zoona. Chimene sananene n'chakuti woyang'anira depoti ya ku Zemba anali mnyamata wina wamtali, wolankhula mofatsa, dzina lake Eneya, amene anakhala akulemberana naye makalata kwa zaka ziwiri.

Choncho pa tchuthi chachifupi cha Pasaka, mu 1984, Keziya anakwera basi yakwawo kukatenga kalatayo.

* * *

Basi inafika pa Chadiza dzuwa litapendeka, itafiira ndi fumbi. Keziya anamuona Eneya asanatsike n'komwe. Anali ataima pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi positi ofesi, atagwira njinga yake yakuda, ndipo pakaliyala anali atamangapo thumba lopinda kanayi kuti wokwera asamve kuwawa.

Anapatsana moni ngati anthu ongodziwana, chifukwa pa Boma maso ndi ambiri. Atapitirira nyumba zomalizira m'pamene Eneya anaima, n'kutulutsa m'thumba la jekete kapepala kokulunga mtedza wauwisi wophika, ukadali wofunda.

"Ndiye mwasiyadi migodi chifukwa cha fumbi lathuli?" anafunsa.

"Ndasiya migodi chifukwa cha mtedza. Musadzinamize."

"Palibe kanthu. Ine ndine wa mtedza womwewo."

Keziya anaseka mpaka kutsamwa. Anakhala pakaliyala chammbali, dzanja limodzi litagwira chikwama, linalo litagwira m'mphepete mwa jekete la Eneya, ndipo anauyamba ulendo wa ku Zemba. M'minda ya m'mbali mwa msewu anthu anali akukumba mtedza, ena atauunjika kale m'milu kuti uume. Eneya ankapalasa pang'onopang'ono, akumusimbira za amene anakwatiwa, za amene anamwalira, ndi za ng'ombe ya a Yosiya, wapampando wa kopaletivi, imene inalowa mu ofesi n'kudya kalendala. Keziya ankangomvera mawuwo akutuluka kumsana kwake, n'kumadziuza kuti ku Kitwe konse kulibe malo abwino ngati pakaliyala pamenepa.

Anadziwana pa sikelo. Tsiku lina, zaka ziwiri zapitazo, Keziya anaperekeza amayi ake ku depoti ndipo anatsutsa pagulu kuti sikeloyo ikunama. Woyang'anira wina akanamukalipira. Eneya anatenga mwala woyesera, anaona kuti mtsikanayo akunena zoona, anapepesa pamaso pa anthu onse, n'kuyambiranso kuyeza matumba onse a m'mawa umenewo. Kalata yake yoyamba inafika ku Kitwe patapita milungu itatu.

Atafika pa kamtsinje ka kufupi ndi mudzi, Eneya anaima osauzidwa. Pamenepo ndi pamene ankalekezera nthawi zonse. Atate a Keziya, a Zebron Mwale, anali mkulu wa mpingo wa Reformed, mdzukulu wa mmodzi wa anthu oyamba kubatizidwa m'dera lonselo. Atate a Eneya anali katswiri woimba mbalule, ng'oma yotsogolera gule, ndipo kukakhala maliro a munthu wa kudambwe ankatumidwa uthenga ngakhale kuchokera ku Mlolo. Mabanja awiriwa ankapatsana moni mwaulemu panjira, koma sanakhalepo pamkeka umodzi.

* * *

M'mawa mwake Keziya anavala diresi lake labuluu n'kupita ku ofesi ya kopaletivi, kanyumba kamalata kogundana ndi shedi ya matumba. Wapampando, a Yosiya Sakala, anali bambo wonenepa wokonda kuseka. Anawerenga fomu ya sukulu pang'onopang'ono, milomo ikugwedera, ndipo atamaliza anati chiyambire kopaletiviyo, a kutauni amabwera kudzawauza zochita, koma wobwera kudzafunsa anali asanamuonepo. Anavomera pomwepo. Anati Eneya ndiye amadziwa njira iliyonse ya njinga kuyambira ku Zingalume mpaka ku Mlolo, choncho ndiye azidzamutsogolera. Anauza mlembi kuti atayipe kalata, iwo n'kuthamangira ku msonkhano wa chipani.

Mlembiyo anali Lonia, mtsikana woyera wamaso akuluakulu, watsitsi loongola ndi chipeso chamoto. Anadikira kuti a Yosiya achoke, kenako anauza Keziya mokoma kuti riboni ya makina yatha, ndipo ku Chipata kulibe, mwina mwezi wamawa. M'zaka zimenezo, pamene ngakhale sopo ankamuimira pamzere, mawu otere anali osavuta kukhulupirira. Koma pepala limene linali m'makinawo linali ndi zilembo zakuda bii.

Keziya asanayankhe, Lonia anatulutsa malaya oyera pansi pa tebulo n'kuyamba kusokerera batani. Keziya anawazindikira. Anali malaya amene iye mwini anatumizira Eneya pa Khirisimasi.

"Amuna angawa sadziwa kudzisamala," anatero Lonia, akudula ulusi ndi mano. "Batani likangothothoka, ndi kuno. Inu a kusukulu mumabwera ndi basi n'kubwerera ndi basi. Zong'ambika timasoka ndife otsalafe."

Keziya anatenga fomu yake, anathokoza, n'kutuluka. Eneya anali pa sikelo ndi alimi awiri, ndipo anamuitana kawiri. Iye sanacheuke.

* * *

Masiku awiri anakhala pakhomo, akuthandiza kuthothola mtedza pansi pa nkhokwe. Amayi ake, a Elinata, anamuona akutaya mtedza wabwino pamodzi ndi makoko opanda kanthu. Tsiku lachitatu mayiwo anapita ku chigayo ku Zemba, ndipo pobwera anatula ufa, anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje, n'kumupatsa kapepala kopindapinda.

"Munthu wa pa sikelo uja wati aka kanagwa m'chikwama mwako," anatero. "Ine kuwerenga kwanga n'kwa Baibulo lokha."

Analowa m'khitchini osayembekeza yankho. Keziya anafunyulula kapepalako. Eneya anali atalemba kuti wapeza makina ena kwa aphunzitsi aakulu a pa pulaimale, ndipo amudikira kumeneko m'mawa. "Ngati mukufuna kundikalipira mudzandikalipire komweko," anamaliza motero, "koma kalata yokha mutenge."

Anapita, akudziuza kuti akupitira kalata basi. Sukulu inali yotseka. Chitseko cha ofesi chinali chotsegula, ndipo akazi a aphunzitsi aakulu anali pakhonde la nyumba yawo chapafupi, akusenda chinangwa, mwina akuyang'aniranso alendowo. Eneya anali ataweramira makina, akusakasaka zilembo ndi zala ziwiri. Pansi panali mapepala atatu okwinyidwa.

"Akazi anu ali bwanji?" anafunsa Keziya ali chiimire pakhomo.

Eneya anayamba kuseka, koma ataona nkhope yake analeka. Anamukokera mpando n'kumufotokozera kuti Lonia ndi mwana wa atsibweni ake, ndipo kuyambira ali ana ankatchulana mwamuna ndi mkazi monga amachitira asuweni onse. Malaya aja anali atawayanika kuseri kwa depoti, Lonia n'kuwanula yekha. Keziya anayamba kumasuka, koma Eneya sanalekere pomwepo. Anati pali china chimene sangabise: chaka chatha atsibweniwo anamuitana n'kumuuza kuti nthabwalayo ikhoza kusanduka zenizeni, chifukwa munthu wa pakhomo amadziwika mtima wake. Lonia nayenso sanaikane nkhaniyo.

"Ndiye inu munati chiyani?"

"Ndinati ndili naye wanga. Anafunsa kuti ali kuti, ine ndinati ali kutali koma adzabwera."

"Bwanji simunandilembere zimenezi?"

Eneya anati ankaopa kumusokoneza pa mayeso.  Keziya anamuuza kuti chimene chingamusokoneze si nkhani yoipa, koma kuimva kwa munthu wina, ali ndi malaya ake m'manja. Eneya anavomera kuti analakwa ndipo sanadziteteze. Khalidwe limeneli ndi limene linkamugonjetsa Keziya nthawi zonse, chifukwa munthu wovomera kulakwa msanga chotere samasiyira mnzake poyambira mkangano.

"Sunthani," anatero pomaliza. "Mukatayipa inu, ndimaliza sukulu kalata isanathe."

Anatayipa yekha, Eneya akumuuza mawu amene a Yosiya ananena. Chilembo cha Z chinali chakufa pa makinawo, moti dzina la Zemba anachita kulimalizitsa ndi bolopeni m'malo onse anayi. Anaseka mpaka mayi wa pakhonde uja anasuzumira. Madzulo a tsiku lomwelo a Yosiya anasaina. Wapampando wa chipani wa m'deralo anaona kaye khadi la chipani la Keziya, anamuyamikira kwa mphindi khumi kuti achinyamata ophunzira azibwerera kumudzi chomwechi, n'kumenya chidindo.

* * *

Nkhani siichedwa kuchoka ku ofesi kufika pa chitsime, ndipo ya pa chitsime imafika ku tchalitchi Lamulungu lisanakwane. Ataweruka ku mapemphero, a Zebron anavula jekete, anakhala pampando wawo wa pakhonde, n'kuitana mwana wawo. Keziya anagwada chapatali pang'ono.

Anayamba ndi kufunsa za ntchitoyo, ndipo anamvetsera bwino lomwe. Kenako anafunsa kuti m'midzi yonseyo azidzayenda ndi yani.  Keziya akanatha kunena kuti a Yosiya ndiwo adzasankhe, koma anadziwa kuti atate ake safunsa chinthu chimene sakuchidziwa kale.

"Ndi a Eneya, Atate. A pa depoti."

"Mwana wa woimba ng'oma uja."

"Eya, Atate."

"Ndipo akuti amakulembera makalata."

"Amandilembera. Inenso ndimawayankha."

A Zebron anayang'ana nkhuku pabwalo. Keziya anayembekeza mkuntho, koma iwo anangoti munthu amene adzayende ndi mwana wawo miyezi itatu ayenera kuoneka nkhope yake pakhomo pano, osati kumangothera pa kamtsinje ngati wakuba mbuzi. Abwere mawa.

Eneya anafika m'mawa dzuwa litangokwera, atavala malaya oyera aja. Anatsika njinga ali kutali, anaikankha mpaka pabwalo, n'kunjuta mpaka atapatsidwa mpando. Keziya anakhala kuseri kwa nkhokwe ndi amayi ake, lichero lili pamiyendo, makutu ali kukhonde.

A Zebron anamufunsa za njira. Anafunsa mitsinje imene ngolo singawoloke, midzi imene ili ndi nkhokwe zambiri, ndi kumene munthu angapeze madzi abwino akumwa. Eneya anayankha zonse mosadodoma, ndipo pa mudzi wina anawakonza mwaulemu kuti mlatho wake unakokoloka chaka chatha. Kenako mkuluyo anafunsa kuti amapemphera kuti.

Eneya anati amalowa tchalitchi cha ku Zemba nthawi zina, amakhala kumbuyo, ndipo nyimbo zambiri amazidziwa. Koma sanalembetse kalasi.

"Chikukuletsani n'chiyani?"

"Anandiuza kuti ndiyenera kuimirira pamaso pa mpingo n'kunena kuti za atate anga ndi zamdima. Atate anga anandilera bwino, bambo. Anagulitsa ng'ombe kuti ine ndiphunzire. Ndikadzalowa, ndikufuna ndidzalowe ndi mtima woona, osati ponyoza iwo kuti ndipeze chimene ndikufuna pakhomo pano."

Keziya anatseka maso. Amayi ake anasiya kupeta. Kenako a Zebron anatsokomola n'kunena kuti anyamata ambiri akanawanamiza pamenepa, ndipo iwo akanadziwa. Anati ntchito ya mwana wawo ndi yabwino. Alongo awo enieni a ku Zingalume amasenza mtedza pamutu tsiku lathunthu, ndipo ngati sukulu ya Keziya ingafupikitse mtunda umenewo, iwo sangaime panjira.

"Ntchito ndaloleza," anatero. "Zinazo sindinazimve, ndipo simunazinene. Za kayendedwe kanu ndiona ine, kuti anthu asapeze cholankhula."

Anaitanitsa thobwa. Keziya analibweretsa atagwada, ndipo anaona atate ake ndi Eneya akumwera m'makapu ofanana pakhonde limodzi. Pobwerera kuseri, amayi ake anamutsina pamkono osamuyang'ana.

* * *

Miyezi iwiri ya ku Kitwe inatha ngati sabata. Mphunzitsi analandira kalata ija, anaseka zilembo za bolopeni, n'kuika m'faelo. Eneya ankalemba Lachisanu lililonse, ndipo tsopano ankanena zonse: kuti Lonia sakumulankhula, kuti atsibweni ake anatumiza mawu okwiya, kuti wajambula mapu a midzi makumi awiri ndi inayi kuseri kwa kalendala yatsopano. Keziya anamaliza mayeso Lolemba, Lachiwiri n'kunyamuka.

Anafika pa Chadiza masana ozizira a mwezi wa Juni. Eneya anali pansi pa mtengo uja ndi njinga ziwiri, yachiwiriyo yobwereka kwa a Yosiya kuti ikhale ya Keziya mpaka ntchito itatha. Anamanga sutikesi pakaliyala pake, ndipo anapalasa moyandikana, akukangana ngati ayambire ku Mlolo kapena ku Zingalume. Pa kamtsinje Eneya anachepetsa liwiro mwachizolowezi, kenako anayang'anana, n'kuwoloka onse awiri.

Pakhomo panali posintha. Kanyumba kakale ka achimwene ake a Keziya, kamene kanakhala kosungiramo makasu kwa zaka zambiri, kanali katazirwa bwino, kali ndi chitseko chatsopano ndi katani pawindo. Pachingwe panali patayanikidwa masokosi achimuna ndi thaulo lamizeremizere. Keziya asanafunse, chitsekocho chinatseguka, ndipo munatuluka mnyamata wovala juzi yoluka ndi magalasi, akumwetulira ngati mwini mudzi.

Anali Langton Nkhoma, mnzake wa m'kalasi ku Kitwe, mwana wa abusa a ku Katete. Anamufunsirapo kawiri, kawiri konse n'kukanidwa, ndipo nthawi zonse ankayankha kuti iye sathamanga. Keziya ankadziwa kuti Langton anapeza malo ku banki ku Lusaka.

"Ndinasintha," anatero Langton, ngati wamva funsolo. "Banki ilipo chaka chilichonse."

A Zebron anatuluka m'nyumba ali osangalala. Anafotokoza kuti analembera mphunzitsi wa ku Kitwe kuti ntchitoyo ndi yaikulu kwa mwana wamkazi yekha, ndipo analemberanso abusa a Nkhoma, mnzawo wa kalekale. Langton anadzipereka mayeso asanathe, mphunzitsi anavomera kuti awiriwo alembe lipoti limodzi, ndipo mnyamatayo anafika dzulo pa galimoto ya mpingo. Adzakhala pakhomo pompano miyezi itatu yonse. Eneya azidzawasonyeza njira, monga anagwirizana.

Langton anayandikira njinga yakuda ija n'kuuza Eneya kuti sutikesiyo aitsitsire pakhonde, ndipo anamuthokoza pothandiza. Eneya anamasula chingwe mosafulumira. Keziya anayang'ana amayi ake, koma iwo anali ataweramira mtondo, akusinja osadzutsa mutu.

"Loweruka tikhala ndi alendo," anapitiriza a Zebron, akuyang'ana mwana wawo. "Abusa ndi amayi abusa akubwera kudzaona kumene mwana wawo akukhala. Akubwera ndi atsibweni ake a Langton."

Keziya anazindikira kuti ulendowo ndi wodzafunsira mbeta. Makolo akhoza kubwera kudzaona pogona pa mwana wawo, koma atsibweni a mnyamata sayenda kuchokera ku Katete kudzaona kanyumba kozira.

Eneya anaika sutikesi pakhonde, anapukuta manja pa buluku, n'kutsanzika kwa a Zebron mwaulemu wonse. Kenako anatembenukira kwa Keziya, ndipo analankhula momveka kuti aliyense amve.

"Mawa tiyambira ku Zingalume, a Keziya. Ndifika pano dzuwa likutuluka. Ndipo Loweruka ndibweranso, koma sindibwera ndekha."